Mtsikana akasankha, ndani ali pambali pake?

Sabata ino pa phunziro la filosofi kuno ku Chanco takhala tikukambirana za ufulu wodzisankhira zochita. Kaganizidwe kakale ka kwa azungu kamati munthu womasuka ndi yemwe sadalira mnzake. Jennifer Nedelsky mu 1989, kenako Catriona Mackenzie ndi Natalie Stoljar mu 2000, anatsutsa zimenezi. Iwo akuti luso losankha sitibadwa nalo. Limakula kapena kufota malinga ndi anthu amene atizungulira: makolo, aphunzitsi, mpingo, ngakhale boma.

Anzanga ambiri anangoti uwu ndi umunthu womwe timaudziwa kale, paja kali kokha nkanyama. Akunena zoona, koma sizinandikwanire. Achibale omwe amalera mwana ndi omwewonso amatha kumukankhira ku banja asanakhwime, chifukwa pakhomo palibe chakudya. Tikangoyamikira ubale osafunsa kuti ndi ubale wotani, mtsikanayo tamutaya.

Chomwe chinandigwira mtima ndi kafukufuku wochitikira m'boma lathu lomwe lino la Zomba mu 2008 ndi 2009, wa Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler. Atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi, gawo lina kwa makolo, gawo lina m'manja mwa mtsikana mwiniwake. Ena ankalandira pokhapokha akamapita kusukulu, ena popanda lamulo lililonse. A gulu loyamba anachita bwino pa sukulu. Koma mimba ndi maukwati zinachepa kwambiri m'gulu lachiwiri, makamaka pakati pa amene anasiya sukulu, poti iwo thandizo silinawadukire. Ganizirani bwino pamenepa: mtsikana amene lamulo likanamulanga pomulanda ndalama ndi yemwe ankazifuna koposa kuti athe kukana mwamuna.

Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti ukwati uziyambira zaka 18, ndipo ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse. Komabe lamulo limangomupatsa mtsikana mphamvu yonena kuti ayi. Siliyankha kuti akakana adya chiyani, agona kwa yani. Ndiye mu nkhani yomwe ndikulemba ndikuunika Mtukula Pakhomo, ndondomeko ya boma yopereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa, yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006. Ndalama zake zimapita ku banja lonse, ndipo ndikufuna kufufuza kuti zikafika pakhomo amazisunga ndani, nanga mtsikana amafunsidwa maganizo pogawa kapena ayi.