Thalauza Langa Likadali m'Boti

Ndamva kuti nkhaniyi yafika kale kumsika, ndipo ena akumawonjezera kuti ndinalira. Sindinalire ayi. Misozi ija inali ya fungo la resin, mankhwala onanda omatira maboti, aliyense amene anatsegulapo chitini chake akudziwa mmene amalasira m'maso. Zoti anandidula ndi sowo nalonso ndi bodza la mlamu wanga. Inali sizasi yosokera, ndipo amene anaigwira ndi mkazi wanga wa ukwati woyera.

Boti lija mukulidziwa, inu odutsa ku Mchengautuwa mumaliona mphuno yake itasuzumira pamwamba pa mpanda. Ndinalipeza ku Chintheche litagona chafufumimba patsinde pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake. Mwini wake atatchula mtengo ndinachita kumufunsa kawiri, poganiza kuti walakwitsa. Lero ndikudziwa kuti wolakwitsa sanali iyeyo. Lole yolikweza zitunda za ku Nkhata Bay zija inadya ndalama zoposa boti lenilenilo, ndipo potsitsa, dalaivala anandifunsa mwaulemu ndithu ngati ndamva mphekesera zoti nyanja ikusamukira ku Mzuzu. Ine ndine wa ku Dedza, kusambira ndimadziwa kwa m'bafa, koma zimenezo n'zina.

Pansi pake panali pofewa ngati papaya lakupsa. Maboti a fibreglass amenewa kunja amaoneka olimba, koma pansi popondapo ndi kumbuyo komangirira injini amabisamo plywood, ndiye madzi akangopeza polowera thabwalo limaola mwakachetechete. Langa ndinkachita kulikumba ndi supuni. Masabata atatu ndinatha ndikupala ndi sandipepa, fumbi lake kuyabwa kuposa chitedze. Usiku ndinkadzikanda mpaka mayi a kunyumba anandisamutsira pamkeka pabalaza, ati mwina ndi mphere.

Kenako inafika ntchito ya resin. Umayala faiba uja, wooneka ngati bulangete loyera la ulusi wokhawokha, n'kumunyowetsa ndi resin wosakaniza ndi hardener, mankhwala omuumitsa. Hardener amafunika wochepa zedi, mamililita 20 pa lita imodzi. Koma amene analemba malangizo amenewo sanagonepo ku Mzuzu mwezi wa Juni. Resin sagwirizana ndi kuzizira. Kunyanja dzuwa likuswa mtengo amauma msanga, koma kumtunda kuno, chifunga m'mawa, kamvula kowaza masana, ndinapaka Lolemba, Lachitatu n'kumupeza akadali nyatanyata ngati uchi, ntchentche ziwiri ndi nalimata mmodzi atamatirira pomwepo. Ndiye Loweruka ndinaganiza ngati munthu wopita kusukulu: mchere ukachepa m'ndiwo umatani? Ndinathira hardener kanayi muyezo wake. Mwina kasanu. Dzanja linkanjenjemera ndi mphepo.

Apa ndivomere kanthu kamodzi. Ndalama ya resin inachokera ku banki m'khonde ya amayi, m'dzina la mkazi wanga, ndipo m'buku analemba kuti ndi mpamba wa mandasi. Tsiku lobweza linali litadutsa ndi masabata awiri. Chimene sindinkadziwa n'chakuti Loweruka limenelo gulu linkakumana kwathu. Akuti anandiuza. Mwina anandiuza ndikudzikanda.

Nditangomaliza kuyala faiba pansi pa boti, wonyowa bwino, akuchita kunyezimira, ndinamva geti likulira, kenako mawu a msungichuma. Mayi ameneyo akalankhula ali ku Katoto, a ku Luwinga amayankha. Mutu sunaganize kanthu, miyendo inaganiza yokha. Ndinangoti pansi phwa m'botimo, tambalale, mutu n'kuuzyolitsa. Ndinkati angodutsa kulowa m'nyumba, ine n'kudzuka.

Sanalowe. Kadzuwa kanali katangotuluka kumene, ndipo pabwalo pathu ponse, malo otchingika ku mphepo ndi m'mbali mwa boti basi. Ndinamva mikeka ikuyalidwa. Wina anatsamira boti langa ndi msana, mutu wake ndi wanga kulekana ndi chikhatho chimodzi. Anatsegula ndi pemphero.

Abale anga, pemphero lija linali lalitali. Anapempherera odwala, apaulendo, atsogoleri a dziko, mitengo ya feteleza. Ali pa ana amasiye, ndinamva kumbuyoku kukufunda. Poyamba ndinakondwa nako, paja kunja kunali kozizira. Kunali kufunda kokoma, konga kwa mpando wa minibasi umene munthu wonenepa wangochokapo. Atafika pa amayi amasiye unasanduka mpando wa pamwamba pa injini. Pofika pa "Ameni" ndinali nditakhala pa mbaula. Resin akamauma amatulutsa kutentha, ndipo ukachulutsa hardener amatentha molusa. Zimenezi ndinali nditawerenga, koma kuwerenga ndi maso n'kwina, kuwerenga ndi matako n'kwinanso. Ndinayesa kunyamula tako limodzi. Linakana. Ndinayesa linzake, pang'onopang'ono, mano nditaluma. Boti lonse linagwedezeka, mayi wotsamira uja n'kunena kuti, "Koma mphepo ya chaka chino!"

Kenako anafika pa angongole. Dzina la mkazi wanga linali lachitatu.

"Mayi, mandasi aja akuyenda bwanji?"

Kunali zii. Ndiyeno mkazi wanga, yemwe uja tinalumbira naye pamaso pa mpingo kuti pamtendere ndi pamavuto, anangoti, "Mandasi ake ndi omwe mwatsamirawo."

Phwete limene linabuka apo! Ine ndili mkati, ndikupsa ngati mbatata ya m'phulusa, ndikumva mbiri ya moyo wanga wonse. Wina anati bola mwamuna wake amamwa, ndalama zimadziwika kumene zapita. Wina anati alamuwo akudikira chigumula cha Nowa. Mayi wina wachikulire, amene ndimamupatsa moni ndi manja awiri tsiku ndi tsiku, anati Ilala inayamba kuyenda panyanja mu 1951 iye asanabadwe, mpaka pano ikuyenda, koma ili lidzalawa madzi Yesu atabwera. Ndinafuna kuyankha. Ndinaluma kolala ya shati.

Ine sindinadziulule, zimenezo mundiyamikire. Chinandiulula ndi resin wotsala m'chigubu chosakanizira. Akaunjikana malo amodzi amatentha kuposa woyalidwa, ndiye anayamba kufuka utsi, chigubu cha pulasitiki chija n'kumapindika chokha.

"Moto! Boti likupsa!"

Ndowa yathunthu ya madzi ogona panja mu Juni inanditsikira pamutu. Apo pokha ndiye ndinakuwa, ndani sakanakuwa? Kumwamba ayezi, kunsi gehena. Mitu 15 ya maduku inasuzumira m'boti.

Woyamba kulankhula anali msungichuma. "Alamu, muli mommuno? Mwaswera bwanji?"

"Ndaswera bwino, kaya inu amayi."

"Tadzukani tipatsane moni bwinobwino."

"Ndikupanikiza faiba, amayi. Amafuna chinthu cholemera."

Mpaka lero ndimati yankho limenelo linali lanzeru.

Amayi awiri anandigwira mikono n'kukoka. Boti linasuntha pa matayala amene ndinalikhazikapo, ine osasuntha. Wina anati abweretse mafuta ophikira, wina parafini, wina anati iyi ndi ya abusa. Acetone ndinali naye, koma amatsuka resin wamuwisi yekha, akauma ndiye kwatha. Mapeto ake wapampando analamula kuti aliyense atembenuke ayang'ane kumpanda, mkazi wanga n'kukwera m'boti ndi sizasi. Ankadula mosapupuluma, mwaluso, ngati akucheka nsalu ya suti ya ukwati, uku akunong'ona kuti, "Bambo, musagwedezeke. Sizasiyi ndi yakuthwa ndipo ine ndakwiya." Kabudula wamkati naye anatsala komweko. Za ubweya wa m'ntchafu sindinena.

Ndinatsika m'boti langa nditavala chitenje cha msungichuma, cha chipani chimene sindinachivoterepo n'komwe. Asanabalalike anandilembera chindapusa cha kuchedwa kubweza, ndi china cha kumvetsera msonkhano ndisali membala.

Tsono inu mukusekanu, bwerani mudzaone. Pamene panatsala thalauza paja ndi polimba kuposa pena paliponse m'boti lonselo. Ndadumphapo ndi miyendo iwiri, osamva ngakhale kulira. Jinzi ndi resin zimamvana, ndipo palibe amene anazitulukira ine ndisanakhalepo. Ndinangopakanso resin wina pamwamba, wa muyezo wake tsopano, moti kabudula wamizeremizere uja akuoneka bwinobwino ngati chithunzi cha mufelemu. Kachotupa ka kumanjako ndi kiyi wa geti, pamodzi ndi K2,000 imene ndinkati ndiyambire kubweza ngongole. Mwana wanga wamng'ono amalipiritsa anzake K100 kuti aoneko, ndiye musamanene kuti botilo silinabweretsepo ndalama.

Injini sindinagule, ndikuyang'ana Yamaha yogwirapo ntchito. Koma mvula itagwa mu Disembala boti linadzaza mpaka theka, ngakhale dontho osatuluka, ndipo boti losatulutsa madzi silingalowetsenso madzi, zimenezo n'zachidziwikire. Nkhata Bay ndi pompa, makilomita osakwana 50. Mayi a kunyumba akuchapiramo kaye mabulangete, ndipo akuti ndisanayambe za kunyanja ndikabweze chitenje cha eni ake.