Njanji ya ku Halale ndi agogo athu amene anatchona

Wopita ku Harare masiku ano amakwera basi ku Blantyre, kudutsa pa Mwanza ndi Zobue, kuwoloka Zambezi ku Tete, n'kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda. Inenso ndinadzera komweko. Agogo athu amene anatchona ku Halale analibe basi yotere. Ena anayenda wapansi, ena anakwera malole a Ulere, koma mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa mu 1935, wokhala ndi kandalama ankatha kukwera sitima ku Limbe, kutsikira ku Nsanje, kufika pa Dondo pafupi ndi Beira, n'kukhotera kumadzulo mpaka ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Ulendo wozungulira zedi, koma wa panjanji pokhapokha.

Ndinafikira kwa amalume ku Rugare, dera limene linamangidwira antchito a njanji. Iwo anabadwira komweko. Bambo awo anachoka ku Dedza ali mnyamata ndipo anakalambira ku Lochinvar, kumene amalumikiza ndi kumasula mabogi a katundu. Chichewa cha amalume chasakanizika ndi Chishona, koma nditangotchula sitima anadzuka n'kuvala jekete. "Tiye, mphwanga, ukaone pamene agogo ako anatsikira."

Siteshoni ili m'tauni, mumsewu wa Kenneth Kaunda. Kunja kuli phokoso la makombi ndi ogulitsa malonda, m'kati muli zii. Tsiku limenelo sitinaone sitima ya anthu, tinangoona mabogi a katundu ataima patali. Tinakhala pabenchi, amalume n'kuyamba kuloza uku ndi uku ndi ndodo yawo.

Anthu ambiri amaganiza kuti njanji inafika ku Harare kuchokera ku Joni. Ayi, inachokera kunyanja. Anayamba kuiyala mu 1892 m'madambo a mtsinje wa Pungwe ku Mozambique, kontrakitala wake ali George Pauling ndipo woyang'anira ntchito ali Alfred Lawley. Malungo anapha antchito ambiri m'madambo amenewo, akuda ndi azungu omwe. Chodabwitsa n'chakuti inali kanjanji kakang'ono, mpata wa pakati pa zitsulo ziwirizo unali mafiti 2 okha, ndiye kuti mamilimita 610. Tima injini take, topangidwa ku Loughborough ku England, anthu anangotitcha ma Lawley. Kanjanjiko kanafika ku Umtali, komwe lero ndi Mutare, mu February 1898, ndipo tauniyo inachita kusamutsidwa kuti ikumane ndi njanji, popeza phiri la Christmas Pass linatchinga njira yopita kumalo akalewo. Tauni kutsatira sitima, osati sitima kutsatira tauni!

Kuchokera ku Umtali anayala njanji yotakata ya mamilimita 1,067, yofanana ndi yathu ya ku Malawi, ndipo inafika ku Salisbury mu May 1899. Ndiye tangoganizani vuto lake: katundu yense wochokera ku Beira ankatsitsidwa pa Umtali n'kukwezedwanso m'mabogi ena, ndi manja. Sanapirire nazo nthawi yaitali, mu 1900 anakuza kanjanji kaja. Ku Bulawayo sitima inali itafika kale mu 1897 kuchokera kummwera, ndipo mizinda iwiriyi inalumikizidwa mu 1902.

Pamene amalume anatenthedwa mtima ndi pa nkhani ya Garratt. Injini ya malasha imeneyi, yopangidwa ndi Beyer, Peacock ku Manchester, ili ngati amuna awiri osenza mtanda umodzi pamapewa: kutsogolo injini yokhala ndi thanki ya madzi, kumbuyo injini ina yonyamula malasha, ndipo chiphika chowiritsa madzi chalenjekeka pakati. Mbali ziwirizo zimatembenuka pazokha, choncho chimphona chonsecho chimakhota bwino m'mapiri, komanso kulemera kwake kumagawika pa mawilo ambiri, njanji yopepuka osaphwanyika. Za gulu la 15 zokha zinalipo 74, zoyamba zinafika mu 1940. Malasha ankachokera ku Wankie, lero Hwange, ndipo n'chifukwa chake mafuta atavuta kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anazikonzanso injinizi m'malo mozitaya. Ine ndimaona kuti pamenepa anaganiza bwino: dizilo ngwogula kunja, malasha ngapakhomo.

"Nanga agogo anayendetsapo imeneyi, amalume?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Kuyendetsa? Nthawi imeneyo chiwongolero chinali cha mzungu. Bambo ankapukuta, kukolowola phulusa, kunyamula zitsulo." Anandikumbutsa za sitalaka ya mu October 1945, imene antchito akuda a njanji anayamba ku Bulawayo n'kufalikira m'masiteshoni ena chifukwa cha malipiro ochepa ndi nyumba zoipa. Patapita zaka zochepa Joshua Nkomo, amene ankagwira ntchito yoona za umoyo wa antchito ku Rhodesia Railways, anakhala mlembi wamkulu wa bungwe lawo. Mabuku amatchula Rhodes, Pauling ndi Lawley. Mayina a Aphiri ndi Abanda amene anakweza katundu m'mabogi muwapeza pa ziliza za kumanda, ndiponso m'gule wamkulu amene amavinidwabe ku Mufakose ndi ku Mabvuku, amene Ashona amati zvigure.

Ufulu utabwera mu 1980 kampani inakhala National Railways of Zimbabwe, ndipo mu 1983 anaika magetsi panjanji kuchokera ku Harare mpaka ku Dabuka pafupi ndi Gweru. Mawaya amkuwa aja akuba anawamaliza, sitima zamagetsi zinaima. Mizati ina ikadalipo, amalume anandionetsa tili pakombi pobwerera ku Rugare.

Wofuna kugwira Garratt ndi dzanja asataye nthawi ku Harare. Apite ku Bulawayo, kulikulu la njanji, kumene kuli nyumba yosungirako zakale za sitima yotsegulidwa mu 1972, ndipo bogi ya Cecil Rhodes ili komweko. Amalume akuti ulendo wotsatira tidzapita limodzi, bola ndalama ya basi ndilipire ine.