Kapulingi ya chikatapila inandidyera masiku anayi

Chikatapila chadzuka dzulo madzulo, ndipo sabata yonseyi ndi usiku wathawu wokha umene ndagona tulo. Ndi ekisikaveta ya matani 20 imene timakumbira dothi lothira mumsewu kuno ku Salima. Lolemba m'mawa opareta anandiimbira kuti, "Amakaniko, injini ikulira bwinobwino koma mkono sukukwera, matcheni sakuyenda, ngakhale kuzungulira kwakana." Zonse zikafa pakamodzi chonchi injini ili moyo, musathamangire kumasula mavavu. Yambani mwaona pakati pa injini ndi pampu ya haidiroliki. Pamenepo pali kapulingi ya labala imene imalumikiza fulayiwilo, chigudumu cholemera cha kumbuyo kwa injini, ndi shafiti ya pampu, ndipo ikaduka injini imangozungulira yokha.

Nditasuzumira kunsi ndinapeza fumbi lakuda bii ngati la makala, ndi tizidutswa ta labala tonona oyilo. Apa m'pamene opareta anaulula kuti kwa masabata awiri ankamva kugogoda akamayatsa injini. Bwenzi atanena kale!

Kuchotsa pampu sikunavute. Ndi yolemera, choncho tinaimangirira pa tcheni buloko tisanamasule bawuti ngakhale imodzi, ndipo mapaipi onse tinawatseka kukamwa kuti fumbi lisalowe. Chimene chinandiwawa chili ku Lilongwe.

Ndinaimbira shopu ina ya masipeyala, n'kuwauza mtundu wa makina. Yankho linali lakuti, "Ilipo bwana, ingobwerani." Lachiwiri ndinakwera minibasi, ndinalipira, n'kubwerera kutada. Lachitatu m'mawa ndikuti ndilowetse chitsulo cha mano cha pakati pa kapulingi yatsopanoyo pa shafiti ya pampu, chakana. Ndinatembenuza, ndinapukuta, ndinayesanso, osatheka. Nditawerenga mano ndinapeza kuti sakufanana ndi a pa shafiti. Makina a mtundu umodzi amatha kukhala ndi mapampu osiyana, makamaka akale amene anadutsa m'manja mwa anthu ambiri. Musagule kapulingi pa foni. Nyamulani chitsulo chakalecho, mukawerenge mano muli pa kauntala pomwepo.

Ndinabwereranso tsiku lomwelo. Mnyamata wa mu shopu uja anandilozera chikwangwani cholembedwa kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, ati chifukwa ndatsegula pepala. Ndinamufunsa kuti, achimwene, ndikanadziwa bwanji kuti sichikulowa popanda kutsegula? Ndinakhala pa benchi kuyambira 11 koloko mpaka cha m'ma 3 kudikira mwini wake. Nthawi yonseyi matipa ali chiimire ku saiti, anyamata aganyu angokhala pansi pa mtengo, abwana akuimba foni osapuma, kumwamba nako mitambo yayamba kusonkhana. Mwini shopu atafika anavomera kusintha, koma anandiuza kuti ndiwonjezere ndalama poti mitengo yakwera. Yakwera kuchokera dzulo lomweli? Ndinalipira mtima ukuwawa, chifukwa kudikira yochokera ku Johannesburg kukanatha sabata ina.

Ndaiwala kunena za oyilo uja. Labala sagwirizana ndi oyilo, amafewa n'kuyamba kunyenyeka. Kwa ife ankadontha pa siilo yotchinga oyilo ya kumbuyo kwa kirankishafiti ya injini, ndiye ndinaisinthiratu pampu ili kunja. Mukaisiya, kapulingi yatsopanoyo idzafanso imfa yomweyo. Onaninso malabala amene injini imakhalirapo ngati sanaphwe.

Musanazule chitsulo chakale, ikani chizindikiro pamene chinalekezera pa shafiti kuti chatsopano chikakhale pomwepo. Mano a shafiti muwatsuke ndi bulashi ya waya, muone ngati sanadyeke, chifukwa chitsulo chikamagwedera chimawatha. Mabawuti ndinawapaka mankhwala oletsa kumasuka, n'kumanga ndi sipanala ya toki, yoyeza mphamvu yomangira, molingana ndi buku la makinawo, osati kumangokoka ndi paipi monga timachitira pa matayala. Pomanga, diso likhale pa tizitsulo ta aluminiyamu tokhala mu labala timene mabawuti amadutsamo, tisatembenuke n'kupotokola labalayo. Kagirizi pang'ono kunsi kwa mutu wa bawuti kamathandiza.

Pampu itabwerera tinaidzaza oyilo, n'kutulutsa mpweya tisanayatse injini. Tinailiza motsitsa kwa kanthawi, kenako opareta anakoka liva pang'onopang'ono, mkono n'kunyamuka.

Koma za mano zija ndibwereze, werengani musanapereke ndalama. Chitsulo chakalecho ndachikulunga m'kansanza, chili m'bokosi langa la masipanala.