Tiger wakana nsima ya usipa

Dzulo m'mawa ndinamuikira Tiger nsima yosakaniza ndi usipa, iye kungonunkhiza basi n'kukadzigonera pansi pa mtengo wa mango. Galu amene amandilumphira ndisanatsegule n'komwe geti! Mtima unangoti myuu, ndimaganiza kuti wadya khoswe wofa ndi mankhwala.

Adokotala a ziweto atamutukula mlomo, nkhama zili mbee, thupi lotentha ngati mbaula. Akuti ndi tick fever, tizilombo tochokera ku nkhupakupa timene timaphwanya maselo a magazi. N'chifukwa chake mkodzo wake unali wodera ngati tiyi. Anamubaya jakisoni.

Chikundiwawa n'chakuti nkhupakupazo ndinkaziona ndithu m'makutu mwake sabata yonse, koma ndinkangoti ndimusambitsa Loweruka. Lero wanyambitako phala pang'ono, mchira sanaugwedezebe.