Tinkati ndi ukalamba, chikhalirecho ndi mano

Lero ndinadzuka kusanache kuti ndiperekeze agogo kwa dokotala wa mano. Anavomera monyinyirika. Kwa iwo, kumeneko kuli ntchito imodzi yokha, kuzula. "Otsala omwewa akuwafuniranji?" anandifunsa tili m'minibasi.

Miyezi itatu yapitayi agogo anasintha. Ku Mvano anasiya kupita, ati miyendo. Nsima ankangonyema pang'ono, nyama n'kukankhira ana. Chimanga chokazinga chimene ankachikukuta tsiku lonse pakhonde, osachiyang'ananso. Ife tinkati ndi ukalamba, ena n'kumati akulirabe agogo aamuna. Mchemwali wanga ndiye anazindikira kuti akamaseka amaphimba pakamwa ndi chitenje, ndipo alendo akabwera amathawira kuchipinda poopa fungo.

Pamzere tinakhala mpaka dzuwa kufika pamutu. Sindinadabwe, madokotala a mano ndi ochepa, popeza dziko lino linayamba kuphunzitsa akeake mu 2019, ku College of Medicine yomwe pano ili mbali ya yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS.

Adokotala anapeza mano awiri obowoka mpaka mkati, ena akugwedera, nkhama zotupa zongotuluka magazi. Anafunsa ngati agogo ali ndi shuga. Ali naye, chaka chachisanu chino. Anafotokoza kuti shuga akakwera chiseyeye chimakula msanga, ndipo nkhama zikamadwala shugayo amavutanso kutsika. Anatinso mankhwala ena a BP amaumitsa m'kamwa, pomwe malovu ndi amene amatsuka ndi kuteteza mano. Ine zaka zonsezi ndimangowagulira mapiritsi, za m'kamwa osaziganizira n'komwe. Manyazi anandigwira.

Pa nkhani ya fodya woika kunsi kwa mlomo agogo anakanitsitsa. Adokotala atangowayang'ana mwakachetechete, anaseka okha n'kuti, "Pang'ono pokha, mwana wanga, wochotsera tulo."

Dzino limodzi lazulidwa, linalo ati tibwerenso sabata yamawa akalimate. Atiuza kuti kutsukira makala kapena phulusa kumapala mano, ndiye pobwerera ndagula mswachi wofewa ndi mankhwala okhala ndi fluoride. Azitsuka kawiri pa tsiku, makamaka pogona, ndipo mawa ayambe kuchukucha madzi ofunda amchere.

Madzulo ano amwa phala lansinjiro mbale yonse, tsaya lili chotupa. Kenako andituma ndikawafunire bulauzi yawo yoyera ya Mvano m'sutikesi, ati ichapidwe. Kabotolo ka fodya ndakabisa pamwamba pa kabati, ndipo akufunsa kale kuti wakatenga ndani.