Mswachi wa masekondi 10

Ulesi wanga si wa pa ntchito zikuluzikulu ayi, koma wa pa tintchito tobwerezabwereza, ndipo pa tintchito tonseto palibe kamene kamanditopetsa ngati kuima pagalasi mphindi ziwiri zathunthu, m'mawa ndi madzulo, n'kumatsuka mano monga amalangizira madokotala. Choncho nditaona pa intaneti mswachi umene ogulitsa ake ankalonjeza kuti umamaliza ntchito yonse m'masekondi 10, ndinaitanitsa usiku womwewo osafunsa munthu.

Chinthucho chitafika, sichinkafanana ndi mswachi ngakhale pang'ono. Chinali chokhota ngati chilembo U, chofanana ndi chija amaluma akatswiri a nkhonya poteteza mano awo, ndipo m'kati mwake munali timinga tofewa ta silikoni, pamene kunja kunali chogwirira chokhala ndi batire ndi kamota konjenjemera. Ntchito ya mwiniwake inali kupakamo mankhwala otsukira mano, kuluma, kudina batani, basi.

Chimene chinandigonjetsa kwenikweni chinali masamu. Munthu wamkulu amene sanachotsepo dzino amakhala ndi mano 32, ndipo dzino lililonse lili ndi mbali zitatu zofika mswachi, yakunja, yam'kati ndi yotafunira, kutanthauza kuti mbali zonse pamodzi ndi 96. Mukagawa masekondi 120 ndi 96, mbali iliyonse imangolandira sekondi imodzi ndi kachidutswa. Tsono ngati chipangizo changachi chinkagwira mbali zonse nthawi imodzi kwa masekondi 10, ndiye kuti ineyo ndinkatsuka mano kuposa wina aliyense m'nyumbamo. Ndinawawerengera mayi a kunyumba zonsezi papepala, ndipo iwo atayang'ana anangofunsa kuti, "Kodi abambo, mano amatsukidwa ndi masamu?"

Funsolo linandipweteka, motero ndinawayankha ndi mbiri. Ndinawauza kuti William Addis wa ku England atayamba kupanga miswachi yogulitsa cha m'ma 1780, ankagwiritsa ntchito fupa ndi ubweya wa nkhumba, kuti nayiloni inadzalowa m'malo mwa ubweyawo mu 1938, ndiponso kuti mswachi wamagetsi unatulukira ku Switzerland mu 1954. Ndinamaliza ndi mawu akuti nthawi zonse pamakhala anthu okakamira zakale. Iwo sanatsutse, koma anandikumbutsa za mswachi wa mitu itatu umene ndinagula chaka chapitacho, womwe umakumbatira dzino mbali zonse, ndi kuti ndinautaya patatha sabata imodzi chifukwa unkandichititsa mseru ukafika kumbuyo.

Ndinakhala miyezi itatu ndili pa ulemerero umenewu. Ndinkamaliza kutsuka mano iwo asanatsegule n'komwe chubu cha mankhwala, ndipo ndinkaima pakhomo la bafa n'kumawawerengera masekondi mokweza, khalidwe limene tsopano ndimachita nalo manyazi. N'zoona kuti nkhama zinayamba kutuluka timagazi ndiponso lilime likadutsa kumbuyo kwa mano linkamva ngati pali ubweya, koma ndinadziuza kuti m'kamwa mukuzolowera sayansi yatsopano.

Loweruka lina m'mawa mayi a kunyumba anatulutsa timapiritsi tiwiri totafuna, timene madokotala a mano amagwiritsa ntchito poonetsa pamene mswachi sunafike. Utoto wake umamatira pa litsiro lonanda lija limene tizilombo ta m'kamwa timapanga pa mano, ndipo mtundu umene iwo anabweretsawo umapatsa litsiro latsopano mtundu wa pinki, pamene lokhalitsa limasanduka la buluu woderako. Tinagwirizana kuti aliyense atsuke mano m'njira yake, kenako titafune, tichukuche ndi madzi, galasi liweruze.

Mano awo anatuluka oyera, kupatula kamzere kamodzi ka pinki pa dzino lina lam'munsi. Ine nditatsegula pakamwa ndinabwerera m'mbuyo. Nsonga za mano akutsogolo zinali zoyera ndithu, koma dzino lililonse linali litavala mkanda wa buluu m'mphepete mwa nkhama, m'mipata monse munali buluu, ndipo mano anayi omalizira kumbuyo anali a buluu kuyambira pamwamba mpaka pansi, chifukwa chipangizocho chinali chachifupi ndipo kwa miyezi itatu sichinawakhudzeko n'kamodzi komwe. Milomo ndi lilime nazo zinali zitamwa utoto.

Munthu wanzeru akanagonja pamenepo, koma ine ndinanena kuti utotowo ndi umene unali wolakwika. Ndinadzaza mankhwala m'chipangizo muja, ndinaluma, masekondi 10 anatha, buluu ali pomwepo. Ndinabwereza kasanu. Ulendo wachisanu ndi chimodzi ndinadina batani mwaukali ndi chala chonyowa, batanilo linalowa m'kati osatulukanso, ndipo kamota kanayamba kulira kosalekeza. Nthawi yomweyo kukhomo kunamveka kugogoda, ndipo popeza mayi a kunyumba anali atakhala pansi chifukwa cha kuseka, ndinathamangira kukatsegula ndekha. Mpaka lero sindimvetsa chifukwa chake sindinaganize zongochilavula chinthucho.

Pakhomo panali apongozi anga aamuna, munthu wodekha amene pa zaka zonsezi ndakhala ndikuyesetsa kuti azindiona ngati mwamuna wolongosoka. Anapeza mutu wanga ukunjenjemera, masaya atatukumuka, thovu la buluu likuyenderera pachibwano mpaka pa shati, ndipo moni wanga unatuluka ngati kulira kwa njuchi yotsekeredwa m'botolo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa motsitsa mawu kuti, "Apongozi, kodi mwayamba liti nkhonya, ndipo wakumenyani chotereyu ndani?" Nditachichotsa kuti ndifotokoze, chinandipulumuka m'manja n'kuyamba kuyenda chokha pansi mozungulira nsapato zawo. Ndinamwetulira pofuna kuwakhazika mtima pansi, ndipo ataona mano a buluu aja anaitana mwana wawo kuti abweretse msanga makiyi a galimoto.

Sabata yotsatira dokotala wa mano anatha nthawi yaitali akupala litsiro limene linali litauma ngati mwala kumbuyo kwa mano am'munsi, ndipo popeza pakamwa panga panali potsegula, sindikanatha kuwayankha ndi masamu. Anandifotokozera kuti litsirolo silichoka ndi kunjenjemera kokha, koma limafuna kukhulidwa, ndipo limakonda kubisala pamene dzino lakumana ndi nkhama. N'chifukwa chake mswachi wa tsitsi lofewa umaupendeketsa pa madigiri 45 kuloza kunkhama n'kumauyendetsa pang'onopang'ono, kuti tinsonga ta nayiloni tilowe m'mphepetemo, pamene timinga ta silikoni n'tonenepa ndipo timangosisita pamwamba. Anatchulanso kafukufuku wa ku Florence ku Italy wa mu 2020, amene anapeza kuti chipangizo cha mtundu umenewu chinkasiya litsiro pafupifupi mofanana ndi kusatsuka n'komwe. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti anayamikira mswachi wa mitu itatu uja, nati umathandiza anthu otsuka mano a ana kapena a odwala, ndipo ngakhale wamagetsi wa kamutu kozungulira, umene umachotsa litsiro bwinoko kuposa wamanja, umafunabe mphindi ziwiri zomwe zija.

Ndinatuluka ndi mswachi wamba m'thumba, pamodzi ndi lamulo loti ndiziusintha pakatha miyezi itatu. Tsopano ndimaima pagalasi, mayi a kunyumba ali pakhomo la bafa kuwerenga masekondi mokweza mpaka 120, ndipo apongozi akaimba foni, asanafunse za ana amayamba afunsa kuti lero mano ali mtundu wanji.