Kapinga wa kuseri kwa nyumba: pomwe ndafika mu Epulo 2025

Lero m'mawa ndinatuluka osavala nsapato, mame asanaume. Chibzalireni kapingayu, aka n'koyamba kuyenda kuchokera pakhomo la kukhitchini mpaka pachingwe choyanikira zovala phazi osagunda dothi. Ndiye ndati ndilembe, ndingadzaiwale momwe ndadzeramo.

Malowo ndi aang'ono, mamita 8 m'litali ndi 5 m'lifupi, kuno ku Chelstone mumzinda wa Lusaka. Titalowa m'nyumbayi panali pogumuka, dothi lofiira louma gwa, losesedwa zaka ndi zaka. Ndinalima ndi khasu, ndinathira mawilibala a manyowa a nkhuku owolerana, n'kubzala mitsitsi ya kapinga wamba m'mizere mu Disembala 2023. Nthawi ndinasankha yabwino, koma chaka chinali choipa. Mvula inadula mu Januwale, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi atatsika ku damu la Kariba, komwe amapangira magetsi, magetsiwo anayamba kusowa, pampu ya pachitsime chathu n'kumangokhala chete tsiku lathunthu.

Apa ndi pomwe ndinalakwitsa zinthu ziwiri. Madzi ochepa omwe ndinkapeza ndinkawaza madzulo aliwonse, kungonyowetsa pamwamba. Komanso Loweruka lililonse ndinkatchetcha ndi chikwakwa mpaka pansi penipeni, poganiza kuti udzu waufupi umwa madzi ochepa. Pofika Okutobala kapinga anali wotuwa, ukamukoka ankazuka ngati tsitsi lothothoka. Chiswe nacho chinabwera, n'kumanga timisewu take tadothi pa udzu wouma uja.

Amene anandithandiza ndi bambo wina wachikulire wa ku Katete yemwe amasamalira bwalo la kutchalitchi kwathu. Ndinawapempha kuti adzaone. Anagwada, anazula kamtsitsi kamodzi, n'kundionetsa mizu yosakwana ndi chala chomwe.

"Mwanawe, udzu uwu mwaulera moipa," anatero. "Mukaupatsa madzi pakamwa tsiku lililonse, ukumbirenji pansi?"

Ndinafunsa kuti, "Nanga nditani, bambo, poti madzi ndi omwewa?"

Anandiuza kuti ndizisunga madzi a sabata yonse n'kuthira kamodzi kapena kawiri, m'mamawa, mpaka alowe. Anandiphunzitsanso kuyeza ndi chitini cha nsomba: uchiike pakapinga pothirira, madzi akafika masentimita awiri ndi theka m'chitinimo, basi. Nditawerengetsa ndinapeza kuti pa malo anga a masikweya mita 40 ndi malita 1,000, madiramu asanu a malita 200. Nthawi ya chilala ija sindinkakwanitsa, ndinkathira theka lake. Komabe theka lothira kamodzi linachita zomwe kuwaza kwa tsiku ndi tsiku kunalephera. Patatha masabata anayi ndinakumba pang'ono m'mphepete ndipo ndinapeza mizu yoyera italowa kutalika kwa chikhatho changa. Ndinaitana mayi a kunyumba kuti adzaone, manja anga ali matope okhaokha.

Chikwakwa ndinachipachika. Ndinagula makina otchetchera udzu okankha ndi manja, ogwiritsidwapo kale ntchito, osafuna magetsi kapena petulo. Lamulo lomwe ndikutsata ndi loti osadula kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wa udzu nthawi imodzi. Masamba ndiwo amapanga chakudya cha mizu, ukawameta onse mizu imafupika. Zodulidwazo ndimazisiya pomwepo zikakhala zochepa, zimawolerana.

Mvula itayamba mu Novembala ndinabowola dothi ndi foloko ya kudimba, phazi ndi phazi, makamaka panjira yomwe ana amadutsa popita kumpopi. Ndinathira feteleza wa D compound pang'ono. Mu Januwale ndinawonjezera urea, ndipo apa ndinapsa nazo: thumba linatayika pang'ono pafupi ndi khoma, ine osasamala kukokolola ndi madzi. Urea ndi waukali, nayitrojeni wake ndi 46 peresenti. Patatha masiku atatu panali chigamba chofiirira chachikulu ngati lichero. Chatseka tsopano, koma ndikayang'anitsitsa ndimachionabe.

Mdani amene watsala ndi dawe. Chisoso ndi bonongwe sizivuta, umazula kamodzi zatha, ndipo bonongweyo amathera mumphika. Dawe ali ndi timbatata pansi, ukangodula pamwamba amaphukanso mawa lake. Ndimamukumba ndi mpeni wakale dothi likakhala lonyowa, mmodzimmodzi, n'kutaya timbatatato kutali ndi dzenje la manyowa. Ena amati ndipopere mankhwala, koma ana amagubuduka pakapingapa, ndiye mtima wanga sukulola.

Pansi pa mtengo wa mango ndagonja. Kapinga wamba amafuna dzuwa, pamthunzi amangoonda n'kutha. Ndabzalapo udzu wa LM, womwe dzina lake linachokera ku Lourenço Marques, Maputo wa lero. Umapirira mthunzi, koma sufuna kumetedwa pafupi. Aneba anandigawira mitsitsi yodzadza beseni, ndipo yagwira yonse kupatula ya patsinde penipeni. Udzu wa Kikuyu ndinaukana ngakhale ndi wokongola, chifukwa ludzu lake ndi lalikulu ndipo umalowerera m'mabedi a masamba.

Mvula ikutha tsopano. Mu Juni ndi Julayi kukazizira kapinga adzagona, mtundu udzasintha, ndipo ulendo uno sindidzathamangira feteleza. Ndakweza kale mpeni wa makina ndi dzino limodzi. Loweruka likudzali ndikukatenga mawilibala awiri a dothi lakuda losefa kuti ndidzaze kadzenje ka pafupi ndi mpopi, komwe madzi amadikha mpaka dawe kumasangalalapo.